Injini yafa galimoto ikadali pa waranti: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya Focus RS ndi zinzake zothamanga

Mafunso ali m'munsiwa ndi a anthu oti galimoto yawo ndi yothamanga koma ya stock, sanaikhudze kompyuta, sanasinthe tebo kapena ekizozi, ili momwe inatulukira ku fakitale, koma injini yagona waranti isanathe. Nditsamira kwambiri pa Ford Focus RS ya 2016 mpaka 2018 chifukwa nkhani yake inamveka dziko lonse, komanso inagulitsidwa ku South Africa ndi ku Britain komwe abale athu ambiri ali ndipo ena akumazigula zogwiritsidwa kale ntchito.

Kodi Focus RS-yo inatani kwenikweni?

Kagalimoto aka mukakaona mutha kukaderera, ndi Focus wamba wa zitseko zisanu kungoti ali ndi phiko kumbuyo. Koma mkati muli injini ya malita 2.3 ya masilinda anayi yokhala ndi tebo, ma hosipawa 350, mawilo onse anayi amakoka, magiya ndi amanja 6, ndipo kuchoka pa ziro kufika makilomita 100 pa ola ndi masekondi 4.7 basi. Galimotoyo ankaimanga ku Saarlouis ku Germany pomwe injini zinkachokera ku Valencia ku Spain.

Itatuluka mu 2016 anthu anailimbirana, ena mpaka kulipira kuposa mtengo wake. Koma sipanatenge nthawi eni ake anayamba kudandaula zinthu zofanana: m'mawa ukaliza ikutulutsa utsi woyera wambiri, injini ikunjenjemera kwa kanthawi kenako n'kukhazikika, madzi mu kathanki ka kulanti akutsika koma pansi pomwe yagona palibe ndi dontho lomwe. Ena zinawayamba galimoto itangoyenda makilomita pafupifupi 10,000. Madziwo sankatayika panja, amalowa mu silinda kudzera pa hedi gasiketi, chomatira cha pakati pa mutu wa injini (hedi) ndi thunthu lake (buloko), n'kumapsa limodzi ndi petulo.

Gasiketiyo inalakwika pati, poti Ford sinayambe dzulo kupanga injini?

Injini ya RS ndi yapachibale ndi ya Ford Mustang ya 2.3 EcoBoost. Kukula n'kumodzi, dzina n'limodzi, koma RS inapatsidwa hedi yake ndipo tinjira ta madzi pakati pa masilinda sitifanana ndendende ndi ta Mustang. Amakaniko ndi atolankhani a zamagalimoto omwe anaona injini zotsegulidwa ananena kuti m'magalimoto ambiri munalowa gasiketi ya mapangidwe a Mustang. Nde gasiketi ija ili ndi kanjira ka madzi pamalo poti mu RS madziwo alibe kopitira, amangokhala pompo, kutentha, kuwira, mpaka gasiketi kufooka pakati pa masilinda. Ena ankalozanso chala buloko yake kuti ndi ya mtundu wotseguka pamwamba, makoma a masilinda sanagwiridwe mwamphamvu ndiye amasuntha pang'onopang'ono injini ikamatentha n'kuzizira.

Mu January 2018 Ford inatulutsa pulogalamu yomwe ku America inapatsidwa nambala 17B32, yokhudza magalimoto opangidwa kuyambira pa 3 August 2015 kufika pa 6 July 2017. Dila ankayenera kuyeza ngati madzi akugwira puresha, kusintha gasiketi mwaulere, ndipo hedi ikapezeka yawonongeka nayonso kuisintha. Koma taonani madetiwo. Magalimoto anatuluka kwa zaka pafupifupi ziwiri, ndipo m'kati mwa nthawi imeneyo yense yemwe injini yamufera amakamenya yekha nkhondo kwa dila wake ngati kuti ndi iye yekha padziko lonse. Ine ndimaona kuti Ford inachedwa apa. Vuto la ku fakitale limavomerezedwa mochedwa, oyamba kufera injini ndi omwe amafunsidwa mafunso ambiri.

Gasiketi ndi kachinthu kotchipa, zikutheka bwanji mpaka injini yonse kusinthidwa?

Kachinthuko n'kotchipa inde, koma zomwe kamatchinga ndi zodula. Hedi gasiketi imakhala pakati pa buloko ndi hedi kulekanitsa zinthu zitatu, moto wa mu silinda, madzi ndi oyilo. Ikaboola zitatuzi zimayamba kuyenderana.

Madzi akamalowa pang'onopang'ono mu silinda amatsuka oyilo wa m'makoma, ma ring'i a pisitoni amayamba kukanda chitsulo. Mpweya wa moto ukalowa kumadzi umakankha kulanti kunja, injini imawira, ndipo hedi ya aluminiyamu ikatentha mopyola imapindika, sikhalanso fulati. Madzi akapita mu oyilo, oyiloyo amasanduka ngati tiyi wamkaka, mukatsegula chitsekerero chapamwamba mumapeza phala loyera pansi pake, ndipo oyilo wotere sateteza ma bering'i a kirankishafuti. Koma choopsa kwambiri ndi ichi: galimoto yagona usiku, madzi akhala akudonthera mu silinda imodzi mpaka kudzaza, m'mawa inu mwaliza. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye pisitoni imagunda khoma, koni rodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ku kirankishafuti, imapindika kapena kuthyoka, nthawi zina mpaka kuboola buloko. Pamenepo palibenso za gasiketi, ndi injini ina basi.

Ndaona utsi woyera, ndiime pompo kapena ndiyende nayo mpaka kwa dila?

Kautsi koyera kochepa m'mawa kozizira, koti kakutha pakapita mphindi zochepa, ndi nthunzi chabe. Koma utsi wochuluka wonunkhira motsekemera, pamodzi ndi madzi otsika kapena nyale ya injini pa dashibodi, imeneyo ndi nkhani. Geji ya kutentha ikakwera, kapena nyale yofiira ya oyilo ikayaka, kapena mwamva kugogoda pansi pa injini, zimitsani ndipo itanani bulekidauni, magalimoto atsopano ambiri amabwera ndi nambala ya chithandizo cha pamsewu. Musanene kuti ndingoikankha pang'ono ndatsala makilomita 15. Kompyuta imasunga kuti chenjezo linabwera liti ndipo inu munayendabe mtunda wotani, ndipo kuyendetsa galimoto itakuchenjezani ndi chifukwa chimodzi chomwe amakanira nacho waranti mosavuta.

Jambulani vidiyo ya utsiwo, jambulani dashibodi kuti makilomita aoneke, jambulani kathanki ka madzi pomwe afika. Ndipo chonde musathire timankhwala tija totseka kudontha mu radiyeta, komanso musafufute ma kodi a mavuto omwe kompyuta yasunga ndi kamakina kanu ka OBD kowerengera kompyutayo poganiza kuti mukukonza. Mukufufuta umboni wanu womwe.

Ndikafika kwa dila zimayenda bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani zimatenga nthawi chonchi?

Choyamba dziwani kuti wolipira injini si dila, ndi kampani yopanga galimoto. Dila amangofufuza, kulemba lipoti, kutumiza zithunzi n'kudikira chilolezo. Ndiye munthu wa pa kauntala uja musamutukwane, alibe mphamvu yovomereza injini, koma momwe alembere lipoti lanu zimathandiza kapena kuononga.

Makaniko amayamba ndi kuwerenga kompyuta. Kenako amapopera mpweya mu njira za madzi n'kuona ngati puresha ikutsika, amachotsa mapulagi n'kulowetsa kakamera mu silinda, pisitoni yomwe yakhala ikumwa madzi imaoneka yoyera mbee pomwe zinzake zili zakuda ndi mwaye. Pali kuyeza komipuresheni, palinso kamankhwala kabuluu komwe amaika pakamwa pa thanki ya madzi, mukakhala mpweya wa ekizozi kamasanduka kachikasu. Zikafika poipa amatsitsa sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, n'kudula fyuluta ya oyilo kuti aone ngati muli tizitsulo.

Kampani ikalandira zonsezi imatha kufunsa zina, ma risiti a sevisi, sampulo ya petulo, fayilo ya mu kompyuta, mwina kutumiza munthu wake kudzaona ndi maso. Kenako kudikira injini kuti ibwere, ndipo ya galimoto yosowa ngati RS sikhala pa shelefu. Masabata angapo n'zachizolowezi, miyezi imathekanso. Funsani nambala ya kesi yanu, funsani za galimoto yobwereka tsiku loyamba lomwelo, ndipo chilichonse chomwe akuuzani pa foni muwapemphe achilembe pa imelo. Chinanso, akakuuzani kuti musayine kuti atsegule injini, werengani bwino, nthawi zambiri pepalalo limanena kuti waranti ikakanidwa ndalama yotsegulira mulipira ndinu.

Ine yanga ndi ya stock, koma iwo adziwa bwanji? Nanga ndikanakhala kuti ndinaichuna n'kubwezeretsa?

Amadziwa aise. Kompyuta ya injini imawerenga kuti pulogalamu yake yalembedwamo kangati, imasunganso zinthu ngati puresha ya tebo yomwe inafikapo ndi ma revu apamwamba. Wina amachuna, kutanthauza kusintha pulogalamuyo kuti injini ikhale ndi mphamvu zambiri, injini ikafa n'kubwezeretsa pulogalamu ya ku fakitale usiku womwewo, kumapita kwa dila nkhope ili gwa. Koma kauntala ikusonyeza kuti mwalembedwa posachedwa, ndipo galimoto ya makilomita 30,000 ikuoneka ngati yangolizidwa kasanu chilembereni. Kwa Volkswagen ndi Audi kuli chizindikiro chotchuka cha TD1, makina a dila akangozindikira pulogalamu yachilendo galimoto imalembedwa ku likulu, ndipo sichichoka olo mupite kwa dila wina.

N'chifukwa chake kukhala stock ndi chida chanu chachikulu, mulibe choti mubise, auzeni awerenge chilichonse. Ngati mwagula galimoto kwa munthu wina, apa ndiye samalani, mwini wake woyamba mwina anachuna n'kuchotsa musanaione. Pemphani dila aione musanalipire.

Panali njira yapakati pa RS, ku Britain Ford inavomereza zida za kampani ya Mountune zokweza mphamvu kufika pa ma hosipawa 375 popanda kutaya waranti, bola aike ndi dila wovomerezeka. Zoterezi zilipo kwa makampani ena, koma zikhale zolembedwa osati zongomva.

Nanga tinthu ting'onoting'ono, ma rimu, fyuluta ya mpweya, ekizozi yakumbuyo?

Ma rimu sangaphe hedi gasiketi ndipo palibe wanzeru anganene zimenezo. Ku America kuli lamulo la Magnuson-Moss la 1975 lomwe limaletsa kampani kuchotsa waranti chifukwa choti mwaika sipeya ya kwina, ayenera kusonyeza kuti chinthucho ndi chomwe chabweretsa vuto. Koma pa injini yoti yafa, chilichonse chokhudza mpweya, petulo kapena tebo chimawapatsa poyambira mkangano, ndipo mkanganowo mutha kupambana koma galimoto itakhala miyezi pa galaja.

Kunena zoona ndimaithamangitsa, ndinapitanso nayo ku track, bwalo lothamangitsirapo magalimoto. Ndiye basi waranti yapita?

Apa ndi pomwe nkhani imakoma. Focus RS ili ndi batani losankha kayendedwe ndipo pali Track, palinso Drift yoitsetsereketsa cham'mbali, ilinso ndi launch control yoti unyamuke ndi mphamvu zonse. Anaika ndi a Ford okha. Ndiye munthu wakugulitsa galimoto yokhala ndi batani la Drift sangatembenuke n'kumati mwaiononga chifukwa munaithamangitsa. Komabe mabuku a waranti pafupifupi onse amakana mpikisano ndi kugwiritsa ntchito molakwika, ndipo mawu achiwiriwa ndi otambasuka, aliyense amawakokera kwake.

Chitsanzo chabwino ndi cha Toyota GR86 mu 2022 ku America. Galimoto iyi ili ndi injini ya Subaru ya malita 2.4, ndipo Toyota inkaitsatsa ikutsetsereka cham'mbali matayala akufuka, ogula ankapatsidwanso tsiku laulere lokaphunzira kuthamanga pa track. Mwini wina injini inamufera, waranti inakanidwa a waranti atapeza chithunzi chake pa intaneti akuitsetsereketsa pa zochitika za magalimoto. Injini itatsegulidwa munapezeka zidutswa za silikoni womatira, uja amapaka ku fakitale m'malo mwa gasiketi, zili mu sefa ya paipi yokokera oyilo. Nkhani itafala Toyota inabwerera m'mbuyo n'kuvomera kulipira, n'kunenanso kuti kupita ku track pakokha sikuchotsa waranti, amaona kesi iliyonse payokha.

Phunziro lake lili pawiri. Zomwe mumaponya pa Facebook ndi Instagram a waranti amaziona. Koma chachikulu, musavomere kukanidwa injini isanatsegulidwe n'kupezeka chomwe chaipha. Chithunzi si chifukwa cha kufa kwa injini.

Pali chinthu chimodzi chomwe simungapambane nacho. Muli pa liwiro mu giya yachisanu, mukufuna yachinayi koma dzanja lalowetsa yachiwiri, mawilo amakoka injini kupyola malire ake ndipo kompyuta singaletse. Ma valavu amagundana ndi ma pisitoni. Izi zimalembedwa, moti Porsche imachita kuziika m'magulu kuyambira 1 mpaka 6 malinga ndi kupyola kwake. Imeneyo ndi ya m'thumba mwanu.

Sevisi ndinkapangira kwa makaniko wanga osati kwa dila, zindivuta?

Zimatengera dziko. Ku Britain mutha kupangitsa sevisi ku galaja yodziimira payokha bola atsate ndondomeko ya kampani ndi kugwiritsa ntchito zipangizo zoyenera. Ku South Africa malangizo a Competition Commission, bungwe loona za mpikisano pa malonda, omwe anayamba pa 1 July 2021 anatsegulanso njira yomweyo. Koma mtolo wa umboni uli pa inu. Risiti isonyeze deti, makilomita, mtundu ndi giledi ya oyilo, nambala ya fyuluta. Kapepala kolembedwa kuti sevisi yatheka, popanda china chilichonse, sikakuthandizani. Ndipo ngati munadumphitsa sevisi ndi makilomita masauzande angapo yembekezerani funso, ngakhale gasiketi yolakwika ilibe nazo ntchito za oyilo.

Injini yomwe andiikire ikhala yatsopano? Ndipo asintha chiyani ndi chiyani?

Funsani, musangoganiza. Pali short block, yomwe ndi gawo lapansi lokha, buloko, kirankishafuti, ma rodi ndi ma pisitoni, hedi amabwezeretsa yanu yakale kapena kuika ina payokha. Pali long block yomwe imabwera ndi hedi yomangidwa kale. Tebo, ma injekita, alitaneta ndi zina zakunja kawirikawiri amasamutsa za pa injini yakale. Mabuku ambiri a waranti amapatsa kampani ufulu woika yatsopano kapena yokonzedwanso ku fakitale, ndipo yokonzedwanso ku fakitale si chinthu choipa, si yofanana ndi ya pa sikirapu.

Chomwe ine ndingalimbikire ndi ichi. Ngati injini yakale inadya bering'i, tizitsulo tinayenda paliponse pomwe oyilo amadutsa, mu oyilo kula (choziziritsira oyilo), m'mapaipi opita ku tebo, mu tebo mwenimwenimo. Mukamangirira oyilo kula yakale pa injini yatsopano mwaithira mchenga tsiku loyamba. Ngati inkamwa madzi, funsani za katalitiki (choyeretsa utsi) ndi ma sensa a mu ekizozi chifukwa kulanti amaziononga. Ndipo funso lalikulu, kodi chomwe chinapha yoyamba chakonzedwa mu yachiwiriyi? Pa RS injini yosinthidwa nkhani ya gasiketi isanadziwike bwino inkasiya mwini wake ndi nkhawa yomweyo. Pemphani invoisi yokhala ndi manambala a sipeya zonse olo pansi palembedwe ziro.

Poti injini yatsika kale, kilatchi ikakhala yatha ndi nthawi yabwino kuisintha, mungolipira sipeya yokha kapena ndi leba yochepa.

Ilipo kampani yomwe inangovomera osavutitsa anthu?

Porsche mu 2014, pa 911 GT3 ya mtundu wa 991. Injini ya malita 3.8, ma hosipawa 475, yozungulira mpaka ka 9,000 pa mphindi. Magalimoto awiri anapsa ku Europe, ndipo mu February Porsche inauza eni ake onse kuti asiye kuyendetsa. Atafufuza anapeza kuti bawuti ya koni rodi imamasuka, rodi n'kuswa injini, oyilo n'kuthira pa zitsulo zamoto. Mu March analengeza kuti asintha injini m'magalimoto onse 785, yofa ndi yamoyo yomwe. Pambuyo pake kutabukanso vuto lina la kudyeka kwa tizitsulo tokankha ma valavu, mu 2017 anawonjezera waranti ya injinizo kufika zaka 10 kapena mamailosi 120,000.

Wina anena kuti n'zosavuta kuchita zimenezo pa magalimoto 785 odula kuposa pa ma Focus masauzande ambiri, ndipo akunena zoona. Moto nawonso umafulumizitsa anthu, utsi woyera sufulumizitsa aliyense.

Akaika injini ina waranti iyambiranso pa ziro?

Kawirikawiri ayi. Injini yoikidwa pa waranti imatetezedwa kwa nthawi yomwe yatsala pa waranti ya galimoto. Nthawi ya RS, Ford inkapereka zaka 3 kapena mamailosi 60,000 ku Britain, zaka 4 kapena makilomita 120,000 ku South Africa, ndipo ku America injini ndi giyabokosi zinali ndi zaka 5 kapena mamailosi 60,000. Ndiye ngati yafa kutatsala miyezi iwiri, pemphani akuwonjezereni polemba. Saumirizidwa, koma kupempha n'kwaulere ndipo nthawi yomwe akuchita manyazi ndi yomweyo.

Andikana. Ndipite kuti?

Poyamba akupatseni chifukwa cholembedwa, chonena kuti chawonongeka n'chiyani ndipo inu mwachiononga bwanji. Auzeni asataye kapena kutumiza kwina sipeya zakale. Kenako lembani ku ofesi ya makasitomala ya kampani yeniyeniyo, osati dila yekha, ndi nambala ya kesi ija. Ngati ndalama ilipo itanani injiniya wodziimira payekha aone injini ndi kulemba lipoti, pepala limeneli limasintha kayankhulidwe ka anthu. Fufuzaninso ngati pali chidziwitso chomwe kampani inatumizira ma dila pa vuto lomwelo, chifukwa mukasonyeza kuti si inu nokha nkhani ya kuyendetsa molakwika imafooka.

Zikakanika, pali maofesi omva madandaulo a ogula magalimoto, ku South Africa kuli Motor Industry Ombudsman of South Africa, ku Britain kuli The Motor Ombudsman kwa makampani omwe analowamo. Ngati waranti yangotha kumene pemphani zomwe amati goodwill, kampani imalipira gawo inu gawo, ndipo apa ndi pomwe buku la sevisi lodzaza ndi zidindo za dila limagwira ntchito.

Sindikuifunanso, ndingaibweze andipatse ndalama zanga?

Ikakhala yangogulidwa kumene, mwina. Ku Britain lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limakupatsani masiku 30 oyamba kukana galimoto yavuto n'kulandira ndalama zonse. Pakadutsa pamenepo wogulitsa ali ndi mwayi umodzi wokonza, zikalephereka mutha kuibweza koma amadulako ya momwe mwaiyendera, ndipo m'miyezi 6 yoyamba lamulo limatenga kuti vutolo linalipo kale pokhapokha iwo asonyeze kuti ayi. Ku South Africa gawo 56 la Consumer Protection Act ya 2008 limapereka miyezi 6 yoti musankhe kukonza, kusinthitsa kapena kubwezeredwa ndalama, ndipo akakonza vuto n'kubweranso pasanathe miyezi 3 ayenera kusintha kapena kubweza. Dziwani kuti ufulu uwu ndi wa pakati pa inu ndi wokugulitsani, ndi wosiyana ndi waranti ya fakitale. Ngati galimoto ndi ya ngongole uzani a banki msanga, ndipo musasiye kulipira mwezi ndi mwezi chifukwa chokwiya, mudzangodzionongera dzina.

Galimoto yosinthidwa injini imagwa mtengo?

Zimatengera wogula. Pa galimoto yoti aliyense akudziwa matenda ake, pepala la dila losonyeza kuti gasiketi kapena injini inasinthidwa limakhala chokopa, wogula RS wozindikira funso lake loyamba ndi lomwelo. Chomwe chimagwetsa mtengo ndi injini yosinthidwa popanda pepala.

Musaiwale nambala ya injini. Yasintha, ndiye mapepala a boma asinthenso, ku Britain ndi pepala la galimoto la V5C ku ofesi ya DVLA, ku South Africa pamafunika kiliyarensi ya apolisi kuti ilowe mu kaundula wa magalimoto wa NaTIS, kwathu kuno ndi ku Road Traffic kuti blue book igwirizane ndi chomwe chili mu boneti. Auzeninso a inshuwalansi. Anthu amazinyozera izi mpaka tsiku lomwe akufuna kugulitsa kapena kudutsa nayo pa boda.

Ndili ku Lilongwe kapena ku Lusaka, ndikufuna kuitanitsa yoteroyo kuchokera ku Britain kapena ku Japan. Waranti indithandiza?

Ayi bwana, iwalani. RS yomaliza inapangidwa mu 2018 ndiye waranti ya fakitale inatha kalekale, komanso olo galimoto ikhale yatsopanoko, waranti nthawi zambiri imagwira m'chigawo chomwe inagulitsidwira, yobwera pa sitima kudzera ku Dar es Salaam kapena Durban dila wakuno sakakamizidwa kuilandira. Ndiye ntchito yonse ichitike ndalama isanatuluke. Tengani nambala ya chasisi, munthu wanu ali kumeneko aimbire dila wa Ford afunse ngati ntchito ya gasiketi inachitika ndipo liti. Aione m'mawa injini ili yozizira, osati yoti wogulitsa waitenthetsa kale inu musanafike. Ayang'ane madzi, atsegule chitsekerero cha oyilo, ndipo ngati n'kotheka ayezetse ndi kamankhwala kabuluu kaja.

Ganiziraninso za petulo, injini za tebo zamphamvu chonchi zimafuna okiteni yokwera monga buku lanenera, ndipo petulo wa m'zigubu wa nthawi ya kusowa kwa mafuta uja musayerekeze n'komwe. Sipeya ngati hedi kapena tebo ya RS simuzipeza pa shelefu, ndi zoitanitsa ndi madola.

Injini yatsopano yalowa, ndiyambe kuiponda tsiku lomwelo?

Dekhani kaye. Makilomita 1,500 oyamba kapena momwe buku lanu lanenera, muziyenda mosinthasintha liwiro, osaponda mpaka pansi, osaikoka pa giya yaikulu ma revu ali pansi, ndipo launch control muisiye. Musanachoke pa dila tsegulani boneti limodzi ndi makaniko, onani mapaipi ndi mawaya ngati zonse zamangidwa, chifukwa kutsitsa injini ndi ntchito ya mabawuti ambiri ndipo kakilampu kamodzi koiwalika kamataya madzi onse. Lembani kachizindikiro pa thanki ya kulanti injini ili yozizira n'kumaona m'mawa uliwonse kwa masabata angapo. Kutsika pang'ono masiku oyamba kumachitika mpweya ukamatuluka m'mapaipi, koma kukapitirira bwererani nayo pa nambala ya kesi yomwe ija. Ambiri amasinthanso oyilo ndi fyuluta msanga akamaliza makilomita oyambawo ngakhale buku silikunena, ndalama yake ndi yochepa, ndipo risiti yakenso muisunge mu fayilo momwemo.